Subaru ya buluu, Evo ndi anzawo: magalimoto obadwa chifukwa cha lamulo

Pa Kasungu boma magalimoto ambiri amadutsa mu M1 popanda wowacheukira. Ma Sienta odzaza anthu a ku Chatoloma, ma Probox, malole onyamula mabelo a ku Chinkhoma, zonsezi maso anazolowera. Koma ikangomveka ija yolira mogunda chapansipansi, anyamata a kabaza ndi a pa galaja amadzutsa mitu isanatulukire n'komwe. Ikafika imakhala ya buluu, marimu agolide, chibowo pa boneti, chiphiko kumbuyo. Ikangopita, mkangano umatsala: wina akuti palibe yoposa Subaru, wina akuti amwene simunaione Evo, wachikulire pang'ono n'kukumbutsa kuti kunali Celica onsewa asanabadwe.

Mkanganowo ndi wokoma, koma umadumpha funso limene ndimaliona lalikulu. Subaru Impreza ndi Mitsubishi Lancer (imene mtundu wake wa turbo ndiwo Evo) anali magalimoto wamba a zitseko zinayi, opangidwira bambo wapantchito woti azikatula ana kusukulu. Chinachitika n'chiyani kuti makampani aike m'matupi amenewa injini za turbo, magiya okoka matayala onse anayi ndi mapiko, n'kumagulitsa kwa aliyense wobwera ndi ndalama? Sikuti ogula anachita kupempha ayi. Makampaniwo anakakamizidwa ndi lamulo la mpikisano wa rally, ndipo zambiri zachilendo zimene mumaziona pa magalimotowa zili ndi ndime yake m'buku la malamulowo.

Mu rally magalimoto sanyamukira pamodzi monga zimakhalira mu Formula One. Amanyamuka imodziimodzi, kusiyana ndi mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo aliyense amalimbana ndi wotchi. Misewu yake ndi yeniyeni, yongotsekedwa kwa maola ochepa: ya dothi m'nkhalango za ku Finland, ya chipale chofewa ku Sweden, ya tala yokhotakhota m'mapiri a ku Corsica. M'galimoto mumakhala anthu awiri. Wina wagwira chiwongolero, mnzake wagwira kope limene akuwerenga mokweza kuti kutsogoloku kuli kona yotani, yakuthwa bwanji, kuseri kwa chitunda kuli chiyani. Akamaliza chigawo chimodzi amayenda pa msewu wa anthu onse kupita ku chigawo china, akutsata malamulo a pamsewu, nambala ili pa bampala. N'chifukwa chake kuyambira kale galimoto ya rally inkayenera kukhala yochokera ku galimoto yogulitsidwa kwa anthu.

Mpikisano wa dziko lonse lapansi, World Rally Championship, unayamba mu 1973. Bungwe loyang'anira masewerawa, FIA, linali ndi lamulo lotchedwa homologation, lonena kuti kampani isanalowetse galimoto mu mpikisano iyenera kupanga magalimoto ofanana nayo okwana nambala yakutiyakuti, oyendera a bungwelo n'kubwera kudzawawerenga. Cholinga chinali kuletsa makampani olemera kupanga chilombo chimodzi chokha chongopikisanira. Makampani analitembenuza lamulolo. M'malo motenga galimoto ya banja n'kuikonza kuti ipikisane, anayamba kulingalira kaye galimoto imene ingapambane, kenako n'kupanga zokwanira nambala ija kuti oyendera akhutire. Zotsala zimenezo, titero kunena kwake, ndi zomwe anthu akuzilirira lero.

Tisanapitirire, timve kaye za turbo, chifukwa popanda iyo nkhani yonseyi palibe. Injini imapeza mphamvu potentha petulo wosakanizidwa ndi mpweya m'masilinda. Kuwonjezera petulo n'kosavuta, vuto ndi mpweya, pakuti silinda imangokoka umene ingathe pisitoni ikamatsika. Amene anaonapo wosula makasu akupopa mvukuto yankho akulidziwa kale: makala ndi omwewo, koma ukawakankhira mpweya moto umalusa mpaka chitsulo kufiira. Turbo ndi mvukuto wa injini, kungoti woupopa ndi utsi wa injini yomweyo. Utsi ukamatuluka kupita ku ekizozi umayamba wazungulitsa kagudumu ka timapiko. Kagudumuko kalumikizidwa ndi kachitsulo kamodzi ku kanzake kamene kali mbali yolowera mpweya, ndipo kachiwirika kamapanikiza mpweyawo n'kuukankhira m'masilinda. Kachitsuloko kamazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, kwinaku mbali ya utsi ikutentha mpaka madigiri 900. Nzeruyi ndi yakale. Alfred Büchi wa ku Switzerland anailembetsa mu 1905, ndipo inatumikira kaye m'mainjini a sitima za pamadzi ndi ndege isanafike m'magalimoto ang'onoang'ono.

Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo wotentha ndi wopepuka, komanso umachititsa petulo kuphulika nthawi isanakwane. Ndiye pamafunika intercooler, yooneka ngati lediyeta, youziziritsa usanalowe mu injini. Subaru inaiika pamwamba pa injini, n'chifukwa chake pa boneti pali chibowo chija. Si chokongoletsa. Mitsubishi inaiika kutsogolo, n'chifukwa chake bampala ya Evo ili ndi kukamwa kwakukulu. Palinso wastegate, kachitseko kolambalalitsa utsi mphamvu ikafika pa mlingo, kuopa kuti injini ingadziphe yokha. Kuyetsemula kuja kumene mumamva dalaivala akamasintha giya ndi mpweya wopanikizidwa umene wasowa kolowera atachotsa phazi pa moto. Kugunda kwa Subaru kokha sikuchokera ku turbo: injini yake ndi yogona, masilinda awiri uku awiri uko, ndipo mapaipi a utsi a mbali ziwirizi pa mitundu yakale sanali ofanana kutalika, choncho utsi umafika modukizaduka.

Vuto lalikulu la turbo linali kuchedwa. Ukaponda moto injini ili pansi, utsi umakhala wochepa, turbo imazengereza, kenako mphamvu yonse imabwera nthawi imodzi, mwina uli pakati pa kona. Akatswiri a rally anapeza njira yankhanza yothana nazo: dalaivala akachotsa phazi, petulo ndi mpweya zimapitirizabe kupita kukapsera mu paipi ya utsi pafupi ndi turbo, kuti isasiye kuzungulira. Kuphulika kuja ngati mfuti, ndi malawi otuluka ku ekizozi m'mavidiyo a m'ma 1990, gwero lake ndi limeneli. Zimadya turbo ndi mapaipi msanga, koma timu ya mpikisano inkangosintha.

Ubwino umodzi wa turbo umatikhudza ife a kuno kumtunda. Chigwa cha Kasungu ndi Mchinji chili pamtunda woposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa pamtunda wotere ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake. Ya turbo imangozungulitsa kagudumu kake mowonjezera n'kubweza zambiri zotayikazo.

Galimoto ya turbo yoyamba kupambana chigawo cha mpikisano wa dziko lonse inali Saab 99 Turbo, m'manja mwa Stig Blomqvist ku Sweden mu 1979. Koma imene inasintha zinthu ndi Audi Quattro ya ku Germany, imene inaonetsedwa ku Geneva mu 1980: masilinda asanu, turbo, ndi matayala onse anayi okoka. Nthawi imeneyo anthu ankati kukoka ndi matayala anayi ndi za Land Rover ndi magalimoto a asilikali, zolemera komanso zosachedwa kuwonongeka. Iwo a Audi anaona kuti mphamvu ya turbo pa dothi kapena pa chipale imangothera kuzungulitsa matayala awiri pamalo amodzi, koma ukaigawira anayi galimoto imaluma pansi n'kupita. Mu 1981 Hannu Mikkola anapambana nayo ku Sweden, ndipo chaka chomwecho mayi wa ku France, Michèle Mouton, anapambana nayo ku Sanremo m'dziko la Italy. Mpaka lero ndiye dalaivala wachizimayi yekhayo amene anapambanapo chigawo cha mpikisanowu, ndipo mu 1982 anatsala pang'ono kutenga ukatswiri wa dziko lonse, anathera pa nambala 2 kumbuyo kwa Walter Röhrl.

Kenako kunabwera zaka za misala. Malamulo a gulu latsopano la magalimoto a mpikisano lotchedwa Group B, oyamba mu 1982, anatsitsa nambala ija kufika pa magalimoto 200 okha, ndipo pa mphamvu ya turbo sanaikepo malire. Magalimoto 200 kwa kampani yaikulu si kanthu. Peugeot inatenga maonekedwe a kagalimoto kake kakang'ono ka 205, n'kuika injini pamene pamakhala mipando yakumbuyo, n'kuitcha 205 Turbo 16. Inatenga ukatswiri mu 1985 ndi Timo Salonen komanso mu 1986 ndi Juha Kankkunen. Lancia ya ku Italy inapanga Delta S4, imene inali ndi zopopa mpweya ziwiri, china choyendetsedwa ndi injini kuti chithandize pansipansi, kenako turbo n'kulandira pamwamba. Ford inabweretsa RS200. Pofika 1986 magalimotowa anali ndi horsepower pakati pa 450 ndi 500 kapena kupitirira, pamene ya Peugeot ndi ya Lancia sinkafika ngakhale tani imodzi kulemera kwake. Vitz ya injini ya lita imodzi, yolemera chimodzimodzi, ili ndi horsepower pafupifupi 70.

Anthu oonerera ankaima mumsewu momwemo, n'kumapatuka galimoto itafika kale pafupi. Mu Malichi 1986 ku Portugal, Ford RS200 ya Joaquim Santos inaphonya msewu n'kulowa m'khamu. Anthu atatu anafa, ena oposa 30 anavulala, ndipo madalaivala akuluakulu anakana kupitiriza. Pa 2 Meyi chaka chomwecho ku Corsica, Henri Toivonen ndi womuwerengera njira Sergio Cresto anagwera kuphompho mu Delta S4, galimotoyo inayaka, onse anafera momwemo. Bungwe lija silinachedwe, linalengeza kuti Group B ithera kumapeto kwa chakacho. Alipo ambiri amene amaitamanda nyengo imeneyi ngati yagolide. Ine ndimaiona ngati nyengo imene mphamvu ya injini inathamanga kusiya matayala, mabuleki ndi nzeru za oyendetsa mpikisano kumbuyo. Ndipo kwa wokonda magalimoto wamba siinasiye zambiri, chifukwa 200 aja anathera m'nyumba zosungiramo zakale ndi m'magalaja a anthu olemera.

Imene inatipatsa magalimoto amene timawamva mu M1 ndi Group A, kuyambira 1987. Nambala inakwera kufika 5,000 m'miyezi 12, ndipo mu 1993 inatsika kufika 2,500. Mphamvu inachepetsedwa kufika pa horsepower cha m'ma 300. Koma chachikulu chinali chakuti thupi, kukula kwa turbo, intercooler, mapiko ndi zibowo za mpweya zinayenera kukhala monga zilili pa galimoto yogulitsa. Magalimoto 5,000 sungawabise m'nyumba yosungira katundu, uyenera kuwagulitsa kwa anthu enieni pa mtengo woti angakwanitse. Lancia ndiyo inali yokonzeka. Delta, galimoto ya banja ya mu 1979, inapatsidwa turbo ndi matayala anayi okoka, n'kukula chaka ndi chaka pansi pa dzina la Integrale, ndipo inatenga ukatswiri wa makampani zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana, 1987 mpaka 1992. Palibe ina inachitapo zimenezi.

Ajapani anabwera pambuyo, koma anabwera mwamphamvu. Carlos Sainz wa ku Spain anatenga ukatswiri mu 1990 ndi 1992 ndi Toyota Celica GT-Four, Kankkunen mu 1993, Didier Auriol mu 1994. Subaru inayamba ndi Legacy, yokonzedwa ndi kampani ya Prodrive ku Banbury m'dziko la England, kenako inasamukira ku Impreza imene inali yaifupi komanso yopepuka. Colin McRae wa ku Scotland anakhala katswiri mu 1995, ndipo kampaniyo inatenga chikho cha makampani mu 1995, 1996 ndi 1997. Mitsubishi nayo inachotsa injini ya 4G63 mu Galant VR-4 n'kuiika mu Lancer mu 1992, ndipo Tommi Mäkinen wa ku Finland anapambana nayo zaka zinayi zotsatizana, 1996 mpaka 1999. Mkangano uja wa pa galaja unayambira pamenepa.

Mwina munadabwapo kuti n'chifukwa chiyani Evo ili ndi manambala, Evo III, Evo IV, Evo VI. Timu ya mpikisano ikafuna phiko lalikulu, matayala otalikirana kapena intercooler yokulirapo, sinkaloledwa kungoika. Kampani inkayenera kupanga magalimoto ena 2,500 okhala ndi zimenezo. Ndiye pakati pa 1992 ndi 1999 panatuluka ma Evo asanu ndi limodzi, iliyonse yonyamula zimene akatswiri anapempha chaka chapitacho. Pa ena muli batani lopopera madzi pa intercooler, chinthu chimene munthu wopita kuntchito sachifuna, koma chinayenera kukhalapo kuti cha mpikisano chiloledwe. Celica GT-Four ya ST205 yopangidwira lamuloli inatuluka ndi mapaipi a kuphulika kuja ali m'malo mwake, osalumikizidwa kuti agwire ntchito. Kunalinso mitundu yovula, Evo RS ndi Impreza Type RA, yopepukitsidwa pochotsa zambiri zosangalatsa wokwera, yogulitsidwa kwa amene akufuna kukaisandutsa ya mpikisano. Pa mapepala pafupifupi onse amphamvu kwambiri analembedwa horsepower 280, chifukwa makampani a ku Japan anali atagwirizana kuti asalengeze nambala yoposa imeneyo, mgwirizano umene unatha mu 2004.

Pofuna kuchepetsa mphamvu, FIA inalamula kuti pakhomo pa turbo ya mpikisano pakhale kachitsulo kochepetsa mpweya, ndipo mu 1995 bowo lake linali mamilimita 34. Ku Catalunya m'dziko la Spain chaka chimenecho oyendera anapeza kuti timu ya Toyota inakonza kachitsuloko mwakuti kakamangidwa pa galimoto kankasuntha pang'ono n'kutsegula mpata wa mamilimita asanu wolowera mpweya m'mbali, koma kakamasulidwa kuti kayezedwe kankabwerera m'malo, osaoneka cholakwa. Ngakhale mkulu wa FIA, Max Mosley, anavomereza kuti luso lake linali lapamwamba. Toyota inalandidwa mapointi a chaka chonse n'kuletsedwa kupikisana kwa miyezi 12.

Pali mbali ina imene ife a ku Kasungu tiyenera kuidziwa kuposa wina aliyense. Buluu uja ndi manambala achikasu a 555 pa Subaru, amene anyamata amamata pa magalimoto ngakhale pa njinga zamoto, si mtundu wa kampani ya Subaru poyambirira. Ndi mtundu wa paketi ya ndudu za State Express 555 za kampani ya British American Tobacco, imene inayamba kuthandiza timuyo mu 1993. Evo yofiira ya Mäkinen ya mu 1999 inanyamula dzina la Marlboro. Rothmans inali pa Ford ndi Opel, HB pa Audi. Ndalama za fodya ndi zimene zinkalipira madalaivala, matayala ndi ma helikopita kwa zaka zambiri, ndipo bale wa ku Malawi amagulidwa kwenikweni kuti akasakanizidwe mu ndudu za mtundu wa Marlboro. Mlimi wosoka fodya m'chigafa ku Santhe kapena ku Mkanda anali kumapeto kwina kwa unyolo womwewo, ngakhale kuti gawo limene linkamufikira ndi lomwe tonse tikulidziwa. Mayiko a ku Ulaya ataletsa kutsatsa fodya m'masewera, mayinawo anachoka, koma buluu anatsala mpaka anthu kuiwala kumene anachokera.

Nanga mu Africa zinkayenda bwanji? Apa nkhani imapindika, ndipo ndi pamene ndimafuna okonda magalimotowa atchere khutu. Safari Rally inayamba mu 1953 ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika, pokondwerera kuvekedwa ufumu kwa Elizabeth II. Inkachitika nthawi ya Pasaka, mvula ili mkati, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 5,000, m'misewu yosatsekedwa momwe munkadutsanso mabasi, ng'ombe ndi nyama zakutchire. Mu 1963 magalimoto asanu ndi awiri okha ndi amene anamaliza, ndipo yopambana inali Peugeot 404, yomwe ija agogo athu amaikumbuka. Joginder Singh wa ku Kenya anapambana katatu, kawiri konse ndi Mitsubishi Lancer yopanda turbo. Shekhar Mehta anapambana kasanu ndi Datsun. Zilombo za Group B zitafika, zokoka matayala anayi zija sizinapambane Safari ngakhale kamodzi. Mu 1984, 1985 ndi 1986 inapambana ndi Toyota Celica Twincam Turbo, yokoka matayala akumbuyo okha, yachikale poyerekeza ndi anzake, koma yosavuta kukonza ndiponso yolimba. Galimoto yokoka matayala anayi inadzapambana koyamba mu 1987, Audi 200 ya Mikkola. Mu 1994 Ian Duncan wa ku Kenya anapambana ndi Celica GT-Four. Mpikisanowu unachotsedwa pa mndandanda wa dziko lonse itatha 2002, n'kubwereranso mu 2021 ku Naivasha. Ndipo a ku Mchinji safunika kuyang'ana kutali: kungodutsa pa Mwami, Zambia ili ndi rally yakeyake, ndipo Satwant Singh wa komweko anatenga ukatswiri wa Africa kambirimbiri.

Galimoto yopita ku Safari inkakwezedwa m'mwamba, kuikidwa mashoko olimba, chitsulo chotchinga pansi pa injini, paipi yokokera mpweya pamwamba pa denga chifukwa cha mitsinje, ndi matayala a mphira wochindikala pa marimu aang'ono. Kumbuyo kwake kunali amakaniko ambirimbiri osintha giyabokosi m'mphindi zochepa. WRX (Impreza ya turbo ija) kapena Evo imene imatsika pa sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe ilibe zonsezi. Mafupa ndi amodzi, koma iyo inakonzedwera tala wosalala wa ku Japan. Ili pansi, matayala ake ndi opyapyala, bampala yake imakhula pa hampu iliyonse. Munthu woiona pa vidiyo ikuuluka m'fumbi n'kuganiza kuti achita zomwezo pa msewu wa ku Lifupa kapena wa ku Chamama mu Febuluwale, abwera atakokedwa ndi thirakitala. Za liwiro pa M1, pamene pali kabaza, ana asukulu ndi ngolo, sindichita kunena. Iwo a rally amatseka msewu, amavala zipewa, ndipo galimoto yawo ili ndi zitsulo zotchinga mkati monse.

Zimene zimapha injinizi kuno ndi zinthu zazing'ono. Ku Japan zinapangidwira petulo wa octane (mlingo wosonyeza kuti petulo saphulika nthawi isanakwane) wapamwamba, cha m'ma 98 mpaka 100. Zikalandira wotsikirapo, kompyuta ya injini imamva kugogoda m'masilinda n'kuchepetsa mphamvu yokha kuti idziteteze. Vuto limabwera mwini wake akapeza wina womuwonjezera mphamvu ya turbo popanda kukonzanso kompyutayo, kapena nthawi ya kusowa kwa mafuta akathira wa m'zigubu wosadziwika chimene asakanizamo. Pisitoni imang'ambika. Kachitsulo kaja kozungulira maulendo 100,000 kamayandama pa oyilo, choncho oyilo woyezera m'mabotolo m'mbali mwa msewu ndi imfa yake, chimodzimodzinso kuzimitsa injini nthawi yomweyo mutangoithamangitsa, chifukwa oyilo amapserera m'kati mwa turbo yotentha. Fyuluta ya mpweya yotsegula ija imene anyamata amaikonda chifukwa cha phokoso, m'fumbi la Okutobala imalowetsa mchenga wokadya timapiko. Lamba wa timing amafuna kusintha pa makilomita 100,000, ndipo akaduka mavavu amakumana ndi mapisitoni. Chinanso chimene ambiri sachidziwa ndi matayala. Pa galimoto yokoka anayi nthawi zonse, onse ayenera kukhala a saizi imodzi komanso otha mofanana. Chizolowezi chathu chogula tayala limodzi la kaunjika lililonse limene lapezeka chimachititsa difu yapakati kugwira ntchito osapuma mpaka kupsa.

Amene mtima wawo uli pamenepa koma thumba ndi lochepa, adziwe kuti magalimotowa ali ndi abale ake osatchuka. Forester ndi Legacy za turbo zili ndi injini ya banja la EJ20, lomwelo la WRX, ndipo Forester ili pamwamba, yoyenerana ndi misewu yathu kuposa WRX. Toyota Caldina ya GT-T ndi GT-Four inatenga injini ya 3S-GTE ya mu Celica. Mitsubishi Airtrek Turbo ili ndi 4G63 yofewetsedwa. Zeni zenizo zikukwera mtengo chaka ndi chaka. Ana amene anakula akuziyendetsa pa magemu a Sega Rally, Gran Turismo ndi Colin McRae Rally tsopano ndi akuluakulu a ndalama zawo, ndipo dziko la America limalola kulowetsa galimoto yakunja iliyonse ikakwanitsa zaka 25, choncho za m'ma 1990 zonse zapeza msika watsopano wolemera. Impreza 22B ya mu 1998, imene anapanga zongopitirira 400, ina inagulitsidwa pa madola oposa 300,000 mu 2021. Onjezani msonkho wa MRA, umene umayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, muona chifukwa chake zimamveka mwa apo ndi apo.

Zatsopano za mtundu umenewu n'zosowa chifukwa lamulo limene linazibala linafewetsedwa. Kuyambira 1997 malamulo a World Rally Car analola kampani kutenga galimoto wamba, ngakhale yokoka matayala awiri, n'kuisandutsa ya turbo ndi matayala anayi popanda kugulitsa yofanana nayo. Ford Focus, Peugeot 206 ndi Citroën Xsara zinapambana motero. Subaru ndi Mitsubishi zinapitirizabe kugulitsa zawo chifukwa zinali zitapeza kale okonda, koma Subaru inachoka mu mpikisanowo kumapeto kwa 2008, ndipo Evo inathera pa nambala X. Toyota itabwerera mu 2017, motsogozedwa ndi Mäkinen yemwe uja, inagwiritsa ntchito Yaris, imene ku Japan panthawiyo inkatchedwa Vitz, dzina limene kuno timaidziwa nalo. Mu 2020 inatulutsa GR Yaris, ya zitseko zitatu, masilinda atatu a malita 1.6, turbo ndi matayala anayi okoka, yolingaliridwa kuti thupi lake likhale maziko a galimoto ya mpikisano ya 2021, zimene zinkafuna kuti apange 25,000. Mliri wa Covid-19 unaimitsa galimoto ya mpikisanoyo, ndipo mu 2022 malamulo a gulu lapamwamba la Rally1 analola mafupa a mapaipi ongovekedwa maonekedwe a galimoto yogulitsa. Thupi la GR Yaris linadzalowa mu mpikisano mu 2024, m'gulu lachiwiri la Rally2, limene magalimoto ake amagulitsidwa kwa matimu oima paokha.